Makina Amene Tinawaveka Nsalu

"Maluwawo munaika ndinu," anatero bambo.

"Ndinaika chifukwa ndinaona kuti chinthucho chasanduka kabati! Nanga pakabati saikapo maluwa?" Amayi anaima pakhomo la shedi manja ali m'chiuno. "Munakaima pamzere dzuwa lonse, n'kukalankhula pamaso pa anthu a boma thukuta lili kamukamu, kuti mupeze chinthu chomapukuta m'mawa uliwonse? Lero eni ake akubwera. Muwauza chiyani?"

"Ndiwauza kuti katundu wawo tamusamala."

"Sanakupatseni kuti mumulere, inu abambo. Si mwana wamasiye ameneyu."

Ine ndinali pakati pawo nditanyamula thireyi ya tiyi, ndipo panalibe amene ankandiona. Maso anga anali pakona, pamene panali makinawo. Anali atafunda nsalu yoyera ya patebulo, ija amayi amayala kukabwera alendo, ndipo pamwamba pake panali botolo la maluwa apulasitiki.

"Ndi uyunso," amayi anandiloza ndi chibwano. "Mkulu wanga waimbanso foni. Akumufuna kushopu Loweruka lomweli. Sukulu wamaliza, mayeso walemba, pano akungozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira."

Bambo anauzira utuchi umene unali papulena, chida chawo chopalira matabwa. Sananditembenukire n'komwe.

"Pakamwa ali napo," anatero.

Bambo anga ndi kalipentala. Shedi yawo ili kuseri kwa nyumba yathu, ndipo khoma lake limodzi ndi lodzaza ndi zida zopachikidwa pamisomali: masowo, mahamala, masikweya, matchizulo kuyambira wamkulu mpaka kakang'ono ngati chala cha khanda. Kuseri kwa chida chilichonse anajambula mthunzi wake ndi penti yakuda, kuti chikasowa khoma lizidandaula lokha. Zitseko za theka la msewu wathu zinatuluka m'shedi imeneyi. Koma pakhomo la chipinda changa panali chinsalu chopachika pachingwe. Anandilonjeza chitseko ndili wamng'ono, ndipo thabwa lake linalipodi, litatsamira kukhoma, koma nthawi zonse pankabwera kasitomala wofulumira kuposa ine.

M'shedimo munali lamulo limodzi lomwe aliyense ankalidziwa: chida sichipatsidwa, chimapemphedwa. Wophunzira ankayamba ndi tsache ndi sandipepa, ndipo bambo sankamusuntha pamenepo ngakhale aone kuti manja ake apsa. Ankadikira kuti munthu aime pamaso pawo, atchule chida, anenenso chimene akufuna kupanga nacho. Ankati umu ndi mmene iwonso anaphunzirira. Wamkulu wa antchito awo, amene tinkawatcha a Guluu chifukwa akakhala pansi pa tiyi sankamatukapo, ankakonda kusimba mmene anakwechera matabwa mpaka zala kutha mizere, akudikira kuti bwana awaone.

"Ndinkati andimvera chisoni," ankatero a Guluu. "Chisoni? Bambo akowa? Thabwa la mlombwa likhoza kuyamba kulira iwo asanalire."

Lamulolo ndinkalidziwa, koma ndinkaliona ngati la anthu ena. Ine ndinali mwana wa mabuku. Ndili wamng'ono ndikangosuzumira m'shedi, bambo ankati, "Tuluka iwe, utuchi ndi makope sizigwirizana." Ndinakula ndikulowamo ndi thireyi basi.

Makinawo anabwera nditangomaliza mayeso. Boma linali ndi ndondomeko yothandiza amisiri ang'onoang'ono ndi makina amakono, ndipo bambo, munthu amene foni yake ndi ya mabatani mpaka lero, anadabwitsa aliyense pokapempha nawo. Anatsitsa makinawo mulole amuna ambiri, akukuwizana ngati akusamutsa nyumba. Anali ngati bedi lalitali lachitsulo. Pamwamba pa bedilo panadutsa mlatho woyenda, pamlathopo panali mutu wokhala ndi kansonga kakuthwa kozungulira, pambali pali kompyuta ndi thumba lalikulu lomeza utuchi.

Amene anabwera kudzalumikiza anali mnyamata wamtali wovala ovolosi yabuluu yosada, pensulo ili kukhutu. Onse ankamutcha Injiniya. Ine, mumtima, pofika masana ndinali nditayamba kale kumutcha Injiniya wanga.

Atamaliza kulumikiza mawaya anatola chidutswa cha thabwa pansi, n'kuchimangirira pabedi paja. Anajambula kanthu pakompyuta, anadina batani, n'kuika manja m'thumba. Mlatho uja unanyamuka wokha. Kansonga kanatsika, kanalira ngati njuchi yaikulu, n'kuyamba kuyenda m'thabwa mokhotakhota, osazengereza, osabwerera kukafufuta. Tiyi anandizizirira m'manja. Kansongako katakwera, pathabwapo panali duwa, masamba ake opindika ngati mphepo yangowadutsa kumene.

"Mayo ine," anatero a Guluu akubwerera chambuyo. "Chinthu chosema chopanda manja? Ine ayi. Ndili ndi ana."

Injiniya anaseka, anafotokoza zambiri mothamanga, n'kupereka kiyi woyatsira kwa bambo. Anati pakufunika munthu mmodzi wa pano woti akaphunzire kuwayendetsa, ndipo bambo akamupeza angoimba foni. Anachenjezanso kuti makina ongokhala boma limawatenga n'kukapatsa ena, chifukwa odikira ndi ambiri. Potuluka anandipeza pakhomo. Anandipatsa chidutswa cha duwa chija, n'kutenga kapu ya tiyi wozizira uja.

Tsopano ndikaganiza bwino, ankangofuna kumasula dzanja kuti anyamule kapu. Koma nthawi imeneyo munthu akanandiuza zimenezo ndikanamuluma.

Duwalo linagona pansi pa pilo wanga. Nkhani yonse ndinali nditaikonza kale mmene idzayendere. Injiniya adzabweranso, adzandipeza ndikuyang'ana makinawo, adzaona m'maso mwanga chinthu chimene a pakhomo pano sachiona. Adzatembenukira kwa bambo n'kunena kuti, "Munthu wopita kumaphunziro ndi uyu." Bambo adzasowa chonena. Zotsatira zake ndinkazisintha malinga ndi tsiku, koma mtundu wa madiresi a operekeza ukwati ndinali nditasankha. Ine mbali yanga inali yophweka: kudikira, ndi kuoneka bwino.

Kudikirako n'kumene kunkandivuta. Bambo sanaimbe foni. M'mawa uliwonse ankavundukula makinawo, kuwapukuta ndi kansalu kofewa mpaka m'makona, n'kuwafunditsanso. Kenako ankatenga pulena wawo n'kuyamba ntchito ngati pakonapo palibe kanthu. Anthu a mumsewu ankabwera kudzaona, ena mpaka kujambulitsa ataima pambali pake. Ine zinkandizunguza mutu. Munthu upemphe chinthu ndi mtima wonse, chibwere, n'kuchiveka nsalu? Ndinafunsa amayi, anati ndikafunse mwini wake. Ndinafunsa a Guluu, amene ankakonda kunditcha a Maloto, anati, "A Maloto, mutu wa bambo anu ndi kabati yokiya, ndipo kiyi anameza."

Masana amuna akapita kukadya ndinkalowa m'shedi n'kukweza nsalu ija pang'ono. Ndinkagwira mlatho, wozizira ngakhale kunja kutenthe. Ndinkasuzumira pansi kutsatira mawaya kuti ndione kumene akupita. Pafoni ya amayi ndinkaonera mavidiyo a anthu akuyendetsa makina otere mpaka bandulo kutha, amayi n'kumadabwa kuti akampani akuwabera. Ndinayamba kujambula zitseko kuseri kwa makalendala akale, zamasamba, zambalame, zina zoti thabwa silingalole.

Ndipo panali funso limodzi limene linkandidya. Ndikatenga duwa lija n'kuyendetsa chala m'mizere yake, ndinkapeza kuti yonse ndi yakuya mofanana, ndipo duwalo lili pakati penipeni pa chidutswacho. Chidutswa chotola pansi, chopanda muyeso. Makinawo alibe maso. Anadziwa bwanji pamene thabwa layambira ndi pamene lathera? Nkhope ya Injiniya inayamba kundisokonekera, nthawi zina ndevu ali nazo, nthawi zina alibe, koma funsoli silinasinthe.

Tsiku la mkangano lija ndinavala diresi yanga yachikasu. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukupita kuti?"

"Palibe."

"Palibe kwakeko kuli phwando?"

Galimoto inafika dzuwa lili pamutu. Chitseko chinatseguka, ndipo anatsika munthu wamfupi kuposa amene ndinamusunga m'mutu, maso ofiira, mphuno ili m'kansalu. Anali ndi chimfine. Anapereka moni kwa bambo ndi manja awiri, kwa amayi chimodzimodzi, n'kufika pa ine.

"Muli bwanji achemwali? Mumakhala pompano?"

A Guluu anatsokomola chitsokomolo chabodza. Ndinayankha kuti ndili bwino, diresi yachikasu ikundiyabwa thupi lonse.

Titalowa m'shedi Injiniya anaima n'kuyang'ana pakona. Anayang'ana nsalu, anayang'ana maluwa. Amayi anathamanga kukachotsa botolo lija n'kulibisa kumbuyo kwawo. Bambo anavundukula nsaluyo pang'onopang'ono, n'kuipinda bwinobwino, ngati munthu woonetsa mkwatibwi. Makinawo anawala. Kapulasitiki koteteza galasi la kompyuta kanali kakadali pomwepo.

"Onani nokha, bwana," anatero bambo. "Palibe pokandika."

Injiniya anagwada n'kumasula thumba la utuchi. Analitembenuza, kulikutumula. Simunagwe kanthu. Analinunkhiza ngakhale mphuno inali yotseka.

"Thumbali lachapidwa?"

"Ndi kusita komwe," anatero amayi, mawu akutsika pamene ankamaliza.

Injiniya anakhala pabenchi. Anayetsemula kawiri, n'kupukuta m'maso. Sanakalipe. Anaoneka ngati munthu amene wayenda misewu yambiri yafumbi sabata imeneyo.

"Abambo, kwina ndikupeza makina atathyoka kansonga, kwina atadzaza utuchi mpaka m'mawaya, ndipo ndimabwerera wosangalala. Awa ndi oyera kuposa mmene anachokera kufakitale. Ndikanena chiyani kuofesi? Kuli gulu la amayi opanga madesiki a sukulu, amandiimbira foni mpaka ndimaiopa. Maphunziro ayamba Lolemba. Ngati pano palibe munthu wopita, lole ibwera mawa."

"Tamva," anatero bambo.

"Mwamva basi?" Amayi anaiwala kuti pali mlendo. "Inu abambo, tchulani munthu! A Guluu ndi awa!"

"Ine ndinanena kale, mayi," anatero a Guluu. "Ndili ndi ana."

"Nanga inuyo abambo?" anafunsa Injiniya.

Bambo anatambasula manja awo, okhakhala, chala chimodzi chopanda chikhadabo. "Awa anaphunzira kale zawo. Sindinapemphere awa."

"Ndiye munapemphera ndani?"

Bambo anatenga tchizulo chimene chinali pabenchi, n'kukachipachika pamsomali wake, pamthunzi wake wakuda. Dzanja lina linali m'thumba la buluku, ndipo silinatulukemo.

Apa ndiye panali pamalo panga. M'nkhani yanga ija, apa m'pamene Injiniya ankatembenuka n'kundiona. Ndinasendera kutsogolo pang'ono kuti asavutike kundipeza. Ndinaima pambali pa makina, dzanja langa pafupi ndi mlatho. Anatembenukadi. Anandiyang'ana, maso ake ofiira aja ali ndi misozi ya chimfine.

"Achemwali, mungandithandizeko madzi akumwa?"

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Mwina mkwiyo, mwina kuona kuti lole ikabwera mawa ndidzafa osadziwa. Madzi sindinakatenge.

"Amadziwa bwanji?" ndinatero.

"Chiyani?"

"Makinawa. Alibe maso. Tsiku lija munatola chidutswa pansi, osachiyeza, koma duwa linakhala pakati penipeni. Anadziwa bwanji pamene thabwa layambira?"

Injiniya anatsitsa kansalu kake. Kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana ngati ndine munthu, osati thireyi.

"Sadziwa," anatero. Anadzuka n'kubwera pabedi paja. "Ndinachiyeza, kungoti simunaone. Kenako umayendetsa mutuwu ndi mabatani awa, pang'onopang'ono, mpaka kansonga kafike pakona ya thabwa. Umatsitsa mpaka kakhudze."

"Mumadziwa bwanji kuti kakhudza? Mukapitirira si kaboola?"

"Umaika kapepala pakati. Ukumatsitsa, uku ukugwedeza kapepalako. Kakangogwidwa, waima. Ndiye umawauza kuti apa ndiye poyambira. Zina zonse amawerengera kuchokera pamenepo."

"Nanga thabwa likakhala lopindika?"

"Ndiye duwa lako lizama mbali imodzi. Pamenepo mpofunika pulena wa bambowa." Anandiyang'ananso. "Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Pafoni yanga," anatero amayi. "Tsopano ndamupeza wakuba uja."

Kapepala. Miyezi yonse ija ndinkaganiza za magalasi obisika, za kuwala kosaoneka, za nzeru zochokera kutsidya kwa nyanja, pamene yankho linali kapepala ndi dzanja la munthu. Ndinamva ngati wina watsegula zenera m'chifuwa mwanga. Mafunso ena anali atayamba kale kukankhana pakhosi: nanga akamakhota amachepetsa liwiro? Nanga kansonga kakatha amadziwa? Ndipo mawa lole ikubwera, Loweruka ine ndili kuseri kwa kauntala ya amayi aakulu, kuyeza shuga.

"Abambo," anatero Injiniya, "bwanji mtsikanayu?"

Mawu amene ndinawadikira miyezi yonse, ngakhale anatuluka m'mphuno yotseka. Ndinayembekeza kuti bambo asowa chonena. Koma anayankha msangamsanga, osakweza mawu.

"Pepani bwana. Muno chida sapemphera mnzako."

Injiniya anayang'ana amayi, amayi anayang'ana kudenga. A Guluu anawerama ngati akufuna kanthu pansi pa benchi, n'kulankhula ndi miyendo ya benchiyo.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, a Maloto. Ine zala zinatha mizere."

Ndinayang'ana bambo. Iwo ankayang'ana khoma la zida, koma khutu lawo linali kwa ine, ndinaliona. Ndinakumbukira mmene ankapukutira makinawo m'mawa uliwonse nthawi yomweyo imene ndinkabweretsa tiyi, osafulumira, nsalu ili pambali, mpaka ine nditatuluka. Ndinakumbukiranso kuti makalendala anga, amene ndinkawasiya paliponse, sanayatsirepo moto ngakhale tsiku limodzi. Ndinayenda kudutsa m'utuchi ndi nsapato zanga zoyera, kukaima pamene ophunzira onse amaima, kutsogolo kwa benchi yaikulu.

"Bambo, ndikupempha makinawa."

"A Guluu, mwamva kanthu?"

"Ngati udzudzu, bwana. Sindinamvetse."

"Bambo," ndinakuwa mpaka Injiniya anadzidzimuka, "ndikupempha makinawa!"

Bambo anatembenuka. Dzanja lija linatuluka m'thumba, ndipo pachala panalendewera kiyi. Makiyi onse a m'shedi bambo amavala m'khosi, pachingwe chakuda ndi thukuta. Uyu yekha anali pachingwe chatsopano, choluka bwino ndi ulusi wachikasu, chachifupi moti pamutu pawo sichikanadutsa. Mfundo yake inali itada chifukwa chogwiridwagwiridwa.

Amayi anaika botolo la maluwa pansi pang'onopang'ono.

Bambo sanandipatse. Anamugwira m'mwamba pakati pa ife awiri, nkhope ili gwa ngati mmene amachitira ndi wophunzira aliyense.

"Upange nawo chiyani?"

Ndinayang'ana kukhoma, kumene thabwa lija linatsamira zaka zonsezi, fumbi litakhala pamutu pake.

"Chitseko cha chipinda changa," ndinatero. "Chamasamba, ndi mbalame ziwiri pamwamba. Ndatopa ndi chinsalu chija, bambo. Ndipo kushopu sindipita."